Pulaneti Lalikulu la ku 51 Pegasi: Zoyenera ndi Zosayenera

Mphwanga, nkhani ya mapulaneti ozungulira nyenyezi zina yafika poti aliyense akuikamba. Pa wailesi ikumveka, pa WhatsApp zithunzi zake zangoti mbwee. Iwe nzeru uli nazo, pamenepo sindikayika. Koma ndaona anthu ochenjera ngati iwe akuigwira kumchira nkhani imeneyi, n'kuithira mchere wosafunika, pamene zoona zake n'zokoma kale.

Titenge pulaneti limodzi, tilidziwe bwinobwino. Dzina lake ndi 51 Pegasi b. Limazungulira nyenyezi yofanana kwambiri ndi dzuwa lathu, m'gulu la nyenyezi lotchedwa Pegasus, kutali moti kuwala kwa nyenyeziyo kumayenda zaka pafupifupi 50 kuti kufike kuno. Analitulukira ndi Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku yunivesite ya Geneva ku Switzerland, ndipo analengeza pa 6 Okutobala 1995 pamsonkhano mumzinda wa Florence ku Italy. Ndi chimphona cha mpweya, cha mtundu wa Jupiter. Ukaligwira bwino limeneli, enawo sakuvutanso. Tchera khutu.

ZOYENERA

1. Yamba ndi kunena kuti amene analitulukira sanalione ndi maso, chifukwa ukoma wonse wa nkhaniyi wagona pamenepo.

2. Fotokoza kuti nyenyezi yake ndiyo inaliulula, poti pulaneti likamazungulira nalonso limakoka nyenyeziyo n'kumaigwedeza.

Ukagwira mwana manja onse awiri n'kumamuzunguza pabwalo, iye ndiye amazungulira patali, koma nawenso suima chilili. Umapendekera kumbuyo, mapazi ako akupondaponda mozungulira pamalo pang'ono. Nyenyezi ndi pulaneti lake zimachita chimodzimodzi, kungoti cholemera kwambiricho chimasuntha pang'ono. 51 Pegasi imati kubwera chakuno, kenako kubwerera, pa liwiro lofika mamita pafupifupi 56 pa sekondi, ndiye kuti makilomita 200 pa ola. Jupiter amagwedeza dzuwa lathu ndi mamita 12 ndi theka okha pa sekondi. Dziko lathu lino, ndi mapiri ake onse ndi nyanja zake, limangokwanitsa masentimita 9.

3. Dziwa mmene amayezera kugwedezekako, chifukwa wina adzakufunsa kuti “anadziwa bwanji?” ndipo funso limenelo n'loyenera.

Kuwala kwa nyenyezi akakumwaza kuti kuonetse mitundu yake ya utawaleza, m'katimo mumaoneka timizere takuda tambirimbiri. Timeneto ndi zizindikiro za zinthu monga ayironi ndi haidirojeni zimene zili mumpweya wa nyenyeziyo. Nyenyezi ikamabwera chakuno, timizere tonse timasunthira mbali ya buluu. Ikamapita, timasunthira mbali yofiira. Kusunthako n'kochepa zedi, diso silingakuone, pamafunika makina. Mayor ndi Queloz anagwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa ELODIE, cholumikizidwa ku telesikopu ya galasi la mamita 1.93 ku Haute-Provence, kummwera kwa France. Anasankha nyenyezi 142 zoti aziziyeza mobwerezabwereza, ndipo imodzi mwa izo timizere take tinkapita uku n'kubwerera uku mosaphonya nthawi.

4. Loweza nambala iyi, masiku 4.23, chifukwa ndicho chaka chathunthu cha pulaneti limeneli. Jupiter amatha zaka pafupifupi 12 kuti azungulire dzuwa kamodzi. Ili likayamba ulendo Lolemba m'mawa, Lachisanu masana lamaliza.

5. Tchula kuyandikira kwake, poti ndiko kunadzidzimutsa akatswiri. Lili pa makilomita osakwana 8 miliyoni kuchokera ku nyenyezi yake, pamene Mercury, amene kwathu kuno ndiye woyandikitsa, ali pa makilomita 58 miliyoni kuchokera kudzuwa, ife pa 150 miliyoni.

6. Potchula kulemera kwake, ikapo mawu akuti “kosachepera”, chifukwa njira ya kugwedezeka imaona kusuntha kobwera chakuno ndi kopita kokha, osati kwa m'mbali. Choncho inapereka malire a pansi, pafupifupi theka la kulemera kwa Jupiter. Usachepetse theka limeneli, ndi maiko ngati lathu lino pafupifupi 150.

7. Lemekeza kudekha kwawo, chifukwa ndiko kunasiyanitsa ntchito yawo ndi mphekesera.

Queloz anaona zachilendozo chakumapeto kwa 1994, ndipo poyamba anakayikira makina ake omwe. Kumayambiriro kwa 1995 nyenyezi ija inayamba kulowa limodzi ndi dzuwa, osaonekanso usiku. Akanatha kuthamangira kwa atolankhani. M'malo mwake anawerengetsera kuti, ngati lilidi pulaneti, nyenyeziyo ikadzaonekanso izidzayenda motani tsiku lakutilakuti, n'kudikira. Mu Julaye 1995 anabwerera ku telesikopu, ndipo nyenyezi inachita ndendende zimene analosera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

8. Nthawi zonse uzifunsa kuti “winanso watsimikiza ndani?”, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Patangopita masiku ochepa chilengezereni, Geoffrey Marcy ndi Paul Butler analoza telesikopu ya ku Lick ku California pa nyenyezi yomweyo, n'kupeza zomwezo.

9. Ukamati “loyamba”, malizitsa kuti loyamba kupezeka likuzungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa, poti panali ena patsogolo. Mu 1992 Aleksander Wolszczan ndi Dale Frail anali atapeza kale mapulaneti ozungulira chotsalira cha nyenyezi imene inaphulika kalekale.

10. Werenga timawu ta pansi pa chithunzi usanachikhulupirire, chifukwa m'menemo ndimo amanenamo ngati ndi chojambula cha waluso kapena chochokeradi ku telesikopu.

11. Phunziranso njira yachiwiri, chifukwa ndiyo yapeza mapulaneti ochuluka kuposa njira ina iliyonse.

Pulaneti likamadutsa pakati pa ife ndi nyenyezi yake, limatchinga kuwala pang'ono, nyenyezi n'kuzilala kwa maola angapo, kenako n'kuwalanso. Zikamabwereza pa nthawi yake, ndiye kuti pali chimene chikuzungulira. Izi zinaoneka koyamba mu 1999 pa HD 209458 b, chimphona china cha m'gulu lomwelo la Pegasus, chimene chimachepetsa kuwala kwa nyenyezi yake ndi gawo limodzi ndi theka pa magawo 100 masiku atatu ndi theka alionse. Ubwino wa njirayi ndi woti imauza kukula kwa pulaneti, ndipo kuwala kodutsa m'mphepete mwake kumaulula zimene zili mumpweya wake. Ndi mmene telesikopu ya James Webb inapezera mpweya wa kaboni dayokisaidi pa WASP-39b mu 2022. Koma 51 Pegasi b silidutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake tikamaliyang'ana kuchokera kuno, n'chifukwa chake njira imeneyi siiligwira.

12. Tuluka panja ukaione wekha nyenyeziyo, chifukwa nkhani imene waiona ndi maso suikamba mofanana ndi yongomva.

Ngati uli ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, dikira chakumapeto kwa Okutobala, cha m'ma 9 koloko usiku, mwezi uli mumdima. Tembenukira kumpoto. Kweza maso kupitirira pang'ono theka la mtunda wochokera pamene thambo lakumana ndi nthaka kufika pamutu pako. Uona nyenyezi zinayi zotalikirana zitaima m'ngodya zinayi, m'kati mwake muli ngati mopanda kanthu. Ziwiri za kumanzere ndizo zako: ya pamwamba ndi Markab, ya pansi, yofiirirako, ndi Scheat. Yenda ndi diso kuchokera pa imodzi kupita pa inzake, uime cha pakati, kenako usunthire pang'ono kumanzere. Pali kanyenyezi kozilala, kosadzionetsera. Imeneyo ndiyo 51 Pegasi. Kumudzi kopanda magetsi diso lakuthwa limaigwira. M'tauni pamafunika magalasi oonera kutali. Mwezi umenewu utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba thambo, choncho usiku wa thambo loyera chizimalupsa itagwa usauphonye.

13. Yesera kaye pa Jupiter, poti ndiye chimphona chokhacho chimene magalasi wamba oonera kutali angakuonetse pamodzi ndi miyezi yake. Tsamiritsa zigongono pakhoma kuti manja asanjenjemere, ndipo uona timadontho m'mbali mwake, tina mwa tinayi timene Galileo anaona mu 1610. Mawa lake ukayang'ananso upeza tasintha malo.

14. Dziwa kawerengedwe ka dzina, chifukwa silovuta mmene limaonekera. 51 Pegasi ndi nyenyezi, ndipo “b” wamng'onoyo akusonyeza pulaneti loyamba kupezeka pamenepo. Lina likadzapezeka lidzakhala “c”. Mu 2015 bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union linavomerezanso maina akuti Dimidium pa pulanetili ndi Helvetios pa nyenyezi yake.

15. Uza anthu kuti ntchitoyi ikugwiridwanso mu Africa muno, chifukwa ambiri sadziwa. Ku Sutherland, m'chigawo chouma cha Karoo ku South Africa, makamera a WASP-South ajambula thambo la kummwera kwa zaka zambiri n'kupeza zimphona zochuluka mwa njira ya kuzilala ija. Ndipo mu 2019, maiko atapatsidwa mwayi wotcha maina, Zambia inatcha nyenyezi ya HD 85390 kuti Natasha, pulaneti lake n'kulitcha Madalitso. Mozambique inasankha Emiw ndi Hairu, South Africa Naledi ndi Krotoa.

16. Ukatchula chiwerengero, tchulanso chaka, chifukwa chimakwera mwezi ndi mwezi. Mndandanda wa NASA unakwana mapulaneti 5,000 otsimikizika mu 2022, ndipo mu 2025 unadutsa 6,000.

17. Uza achinyamata kuti Queloz anali wophunzira wa zaka 29 pamene nkhaniyi inkalengezedwa, chifukwa amafunika kumva kuti masamu ndi fizikisi zimene akulimbana nazo zili ndi kumene zimapita. Mphoto ya Nobel inabwera mu 2019, patatha zaka 24. Iye ndi Mayor analandira theka, theka linalo linapita kwa James Peebles.

ZOSAYENERA

1. Usanene kuti “analijambula”, chifukwa chimene anaonetsa ku Florence chinali mzere wokwera ndi kutsika wa liwiro la nyenyezi, osati chithunzi.

2. Usaone nyenyezi ikuthwanima n'kufuula kuti “ikugwedezeka, ili ndi pulaneti!”, chifukwa kuthwanimako kumachitika mumpweya wa dziko lathu lino. Kuwala kumapindikapindika podutsa mphepo yotentha ndi yozizira, basi. Cholakwa chimenechi ndachimva kwa anthu amene angophunzira kumene za kugwedezeka kuja, ndipo chimachokera m'chidwi chabwino, koma n'cholakwa ndithu.

3. Usasokoneze pulaneti ndi nyenyezi, poti nyenyezi imadzipangira yokha kuwala mwa kusandutsa haidirojeni kukhala hiliyamu pakatikati pake. Ndiponso usamati Jupiter anatsala pang'ono kukhala nyenyezi. Kuti moto umenewo uyake, pamafunika kulemera kwa Jupiter kuchulukitsa pafupifupi ka 80.

4. Usayese kuti dongosolo la mapulaneti athu ndilo lamulo la kulikonse, chifukwa maganizo amenewo ndiwo anachedwetsa anthu.

Kwathu kuno mapulaneti ang'onoang'ono amiyala ali pafupi ndi dzuwa, zimphona zili kutali kozizira. Akatswiri ambiri ankayembekezera kuti kwinanso zili choncho, moti ankakonzekera kudikira zaka 10 kapena kuposerapo kuti aone chimphona chikumaliza ulendo umodzi. La masiku anayi silinali m'maganizo mwawo. Ndipo zoona, chimphona n'chovuta kupangika pamalo otentha chotero, popeza madzi oundana amene amathandiza kumanga phata lake sangakhalepo. Mu 1996 Douglas Lin ndi anzake anafotokoza kuti pulanetili linabadwira kutali, kenako mpweya ndi fumbi zimene zinazinga nyenyezi ili yaing'ono zinalikokera m'kati pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kufunsanso ngati Jupiter wathu yemweyu wakhala pamalo amodzi chibadwire. Kwa ine, mphatso yaikulu ya 51 Pegasi b ndi imeneyi: linatikakamiza kuyang'ananso kwathu ndi maso atsopano.

5. Usalitche “dziko latsopano lokakhalako anthu”, chifukwa kulibe nthaka yoti phazi lipondepo. Ndi mpweya wokhawokha umene umanka nulimba ukamatsika, ndipo kutentha kwake ndi madigiri pafupifupi 1,000. Akatswiri amaonanso kuti pulaneti loyandikira chonchi limalozetsa mbali imodzi ku nyenyezi yake nthawi zonse, kwina usana wosatha, kwina usiku wosatha.

6. Usamve mawu akuti “madzi” n'kuona nyanja ndi nsomba m'maganizo, chifukwa amene anapezeka mumpweya wa 51 Pegasi b mu 2017 ndi nthunzi yotentha koopsa. Mtundu nawo usakunyenge. Mu 2013 telesikopu ya Hubble inasonyeza kuti HD 189733 b ndi la buluu, anthu n'kusangalala kuti lafanana ndi lathu, chonsecho akatswiri amati mtunduwo umachokera ku tizidutswa ta zinthu zopangira galasi touluka mumphepo yamkuntho.

7. Usathamangire kufalitsa chilichonse chimene chatuluka dzulo, chifukwa mapulaneti ena olengezedwa ndi chisangalalo anadzapezeka kuti kulibe.

Apa ndipo ndimaona anthu akugwa kawirikawiri. M'zaka za m'ma 1960, Peter van de Kamp ananena kuti wapeza zimphona zozungulira nyenyezi ya Barnard, ndipo anakhulupirira zimenezo mpaka imfa yake. Ena atafufuza anapeza kuti kusunthako kunachokera ku kusintha kumene kunachitika pa telesikopu yake. Mu 2012 kunamveka za pulaneti lozungulira Alpha Centauri B, m'gulu la nyenyezi zoyandikana nafe kwambiri. Pofika 2015 kafukufuku wina anasonyeza kuti linali chinyengo cha manambala. Pali ndi Fomalhaut, nyenyezi yowala imene ungaipeze usiku womwe uja wa mu Okutobala ukatsata mzere wa Scheat ndi Markab kukwera, kudutsa pamutu mpaka kummwera pang'ono. Mu 2008 kadontho kena pafupi nayo kanalengezedwa kuti ndi pulaneti. Kanayamba kufufuma n'kumazilala, ndipo mu 2020 akatswiri ananena kuti ndi mtambo wa fumbi wotsala zinthu ziwiri zitawombana. Onsewa anali anthu odziwa ntchito yawo, okhala ndi zipangizo. Nanga iwe amene wangolandira uthenga wotumizidwa maulendo osawerengeka? Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

8. Usanyoze wokayikira, chifukwa ndiye amalimbitsa umboni. Mu 1997 David Gray wa ku Canada ananena kuti mwina kulibe pulaneti, nyenyeziyo ikungotukuka n'kumaphwa yokha. Anthu anayezanso mosamala, iyenso anayezanso, ndipo mu 1998 anavomereza kuti chizindikiro chimene ankadalira sichikuonekanso. Nkhani ya 51 Pegasi b inatuluka m'mayeso amenewo ili yolimba kuposa kale.

9. Usafufute amene analambula njira, poti anthu awiri sanayambe okha. Otto Struve analemba kale mu 1952 kuti chimphona choyandikira nyenyezi yake chingapezeke mwa njira yomweyi. Mu 1988 Bruce Campbell, Gordon Walker ndi Stephenson Yang a ku Canada anaona chizindikiro pa nyenyezi ya Gamma Cephei, koma umboni unali usanakwane. Pulanetilo linadzatsimikizika patapita zaka zoposa 10.

10. Usatumize chojambula cha waluso ngati kuti ndi chithunzi chenicheni, chifukwa ukatero wanamiza gulu lonse ngakhale usanalembe liwu limodzi. Mipira yokongola ya mizeremizere ija, yokhala ndi mitambo ndi nyenyezi yofiira kumbuyo, imajambulidwa pa kompyuta potsatira manambala. Ilibe vuto ikatchulidwa chimene ili. Zithunzi zenizeni zilipo, koma n'zosadzitama. Za mapulaneti a HR 8799, amene atatu anajambulidwa mu 2008 ndipo lachinayi linalengezedwa mu 2010, ndi timadontho chabe m'mbali mwa malo pamene kuwala kwa nyenyezi kwatchingidwa. Timadontho timeneto ndito toyenera kutumiza, ndipo nyenyezi imeneyonso ili mu Pegasus.

11. Usaganize kuti zimphona zotentha ndizo zadzaza kumwamba, chifukwa zinangoyamba kupezeka poti n'zosavuta kugwira. Cholemera ndi choyandikira chimagwedeza nyenyezi kwambiri ndipo chimabwereza msanga. Powerengetsera bwino, nyenyezi yofanana ndi dzuwa imodzi yokha pa 100, kapena kuchepera apo, ndiyo ili ndi chimphona choterocho. Telesikopu ya Kepler, imene inapita m'mlengalenga mu 2009, inasonyeza kuti ochuluka ndi mapulaneti ocheperapo, a pakati pa kukula kwa dziko lathu ndi kwa Neptune.

12. Usatuluke ndi foni ikuwala m'manja, chifukwa maso amafuna mphindi 20 kapena 30 za mdima kuti ayambe kugwira nyenyezi zozilala, ndipo kusuzumira uthenga kamodzi kokha kumakubwezera poyambira. Usasankhenso usiku wa mwezi wathunthu. Kanyenyeziko kakamakuzemba, usakayang'ane mwachindunji. Ponya diso pambali pang'ono, katulukira. Ndipo usalonjeze anzako kuti aona pulanetilo, chifukwa palibe telesikopu ya pakhomo imene ingalilekanitse ndi kuwala kwa nyenyezi yake.

13. Usaloze magalasi oonera kutali kapena telesikopu kudzuwa, ngakhale kamphindi, chifukwa diso limapsa osamva kuwawa ndipo silichira. Ana akakhala pafupi masana, chipangizocho chisungidwe m'nyumba.

14. Usapereke ndalama kwa aliyense wogulitsa maina a nyenyezi pa intaneti, chifukwa chikalata chakecho palibe katswiri amene amachizindikira. Maina ovomerezeka sagulitsidwa.

15. Usamati “izi n'za azungu”, chifukwa thambo limene lili pamwamba pa mudzi wako n'lomwelo limene ena amawoloka nyanja kukaliona. Nyenyezi zina zofunika kwambiri pa kafukufukuyu, monga Alpha Centauri ndi Beta Pictoris, zimaoneka bwino kuchokera kummwera kuno, pamene wa ku London saziona n'komwe. Mawu amenewa amandipweteka ndikawamva pakamwa pa munthu wamkulu pamaso pa ana, chifukwa amatseka chitseko chimene chinali chotsegula.

16. Usamve “zaka 50” n'kuyesa kuti ndiyo nthawi ya ulendo wa munthu, chifukwa zimenezo ndi zaka za kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Kuchokera kudzuwa kufika kuno kumangotenga mphindi 8. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977 ndipo chili kutali kuposa china chilichonse chimene munthu anatumiza, chimayenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi. Pa liwiro limenelo, mtunda wa ku 51 Pegasi ndi ulendo wa zaka pafupifupi 900,000. Choncho amene akuti anthu olemera akukonza zothawirako, umuuze nambala imeneyi.

17. Usaopseze anthu kuti chimphonachi chikubwera kudzawomba dziko, chifukwa chinamangidwa ndi mphamvu yokoka ya nyenyezi yake ndipo sichichoka pamenepo. Mauthenga a pulaneti lobisika lodzatiphwanya akhala akuzungulira kwa zaka zambiri, tsiku lake likadutsa amangolemba lina. Chinthu chachikulu chotero chikanakhala chikuyandikira, aliyense wokhala ndi maso akanachiona, ndipo palibe boma limene lingaphimbe thambo. Agogo akalandira uthenga wotere n'kusowa tulo, ntchito yako ndi kuwakhazika mtima pansi, osati kuutumiza kwa azakhali.

18. Usalowetsemo zoombeza mwayi, chifukwa pulaneti limene linapezeka poyeza timizere ta kuwala silidziwa za ukwati wako kapena za malonda ako.

19. Usamukalipire mwana akakufunsa funso limene lakupinga, chifukwa funso lakelo n'lamtengo kuposa ulemu umene ukuopa kutaya. Adzafunsa kuti mpweya wa pulanetilo suthawa bwanji, kapena kuti usiku wa kumeneko ndi wotani. Usamupekere yankho, ndipo usamuthamangitse kuti akagone. Muuze kuti mufufuza limodzi, mulembe funsolo papepala, ndipo sabata isanathe ukhale utapita naye kwa mphunzitsi wa sayansi kapena ku laibulale.